Ziro Amene Anaumitsa Chitsime

Ntchito ndinaipeza m'minibasi ya ku Chalimbana. Bambo amene ndinakhala nawo pampando, ba Zulu, anandiona ndikulimbana ndi khodi ya mapulogalamu a kompyuta pafoni, nkundifunsa ngati ndingathe kupanga mabuloku. Ndinavomera msangamsanga, chonsecho ndinali ndisanapangepo ngakhale imodzi.

Ba Zulu anali ndi pulogalamu imene mlimi amangolumikiza mabuloku pasikirini m'malo molemba khodi, kuti pampu ya sola iziyaka ndi kuzima yokha. Gawo langa linali mabuloku ozungulira, aja obweza yankho, amene umawalowetsa m'bowo la buloku ina. Buloku iliyonse umaipatsa dzina, umasankha ngati izibweza nambala kapena mawu, kenako umalemba kakhodi kofunsa sensa, kachipangizo koyezera kokwiriridwa m'dothi. Yanga yoyamba inali ya chinyezi: ziro ndiye kuuma gwa, handiredi ndiye matope. Nanga sensa ikapanda kuyankha? Ndinangoti ibweze ziro, poti buloku yobwera chimanjamanja inkandichititsa manyazi.

Tinakaiika ku Kanakantapa, panazale ya tomato ya amayi Daka, amene chitsime chawo chimachepa madzi mu Okutobala. Masabata awiri zinayenda bwino, ine mpaka kuyamba kuyenda monyada. Ndiye Lamlungu lina, iwo ali kutchalitchi, mbuzi inatafuna waya wa sensa. Buloku yanga inati ziro, pampu nkumva kuti dothi lauma, ndipo inapopa mpaka kukoka matope a pansi pa chitsime.

Lolemba tinapeza theka la mbande litakokoloka, zotsalazo zitagona m'thope, chitsime chili mbee, dzuwa likuswa mtengo. Amayi Daka sanakalipe. Anamvetsera ine ndikufotokoza zonse, kenako anati, "Manje mwana wanga, ngati siinadziwe, inakambiranji?"

Masana omwewo ndinatsegula laputopu pakhonde pawo nkusintha khodi: sensa ikakhala chete, buloku izibweza mawu akuti "sindidziwa", pampu izizima. Ba Zulu anazula waya katatu kuti aone, ndipo katatu konse pampu inaima. Sabata yonseyo ndinatunga madzi pamjigo wa aneba ndi zigubu, kuthirira zimene zinapulumuka.

Mpaka lero, ndisanalembe chimene buloku ibweze zinthu zikakhala bwino, ndimayamba ndalemba chimene inene ikapanda kumva kanthu. Chaka chimenecho amayi Daka anawoka mizere isanu, pamene anali atakonza malo a mizere khumi ndi iwiri.