Tomato Wanga M'kanjira ka Njinga

Atakonza msewu pa Ulongwe, anasiya kanjira m'mbali n'kulemba mzere woyera. Anati uku n'kwa njinga, uko n'kwa galimoto. Ine ndinangoonapo malo osalala, opanda fumbi, pafupi penipeni ndi mawindo a minibasi. Kutacha ndinayala chiguduli changa pomwepo n'kuunjika tomato. Anzanga ataona, nawonso anasendera.

Pakamwa ndiye Mulungu sanandimane. Wakabaza akaliza belu, ndinkamuyankha osacheuka n'komwe: "Msewu ndi wa bambo ako?" Ankangokhota n'kulowa kwa galimoto.

Panali bambo ena a kwa Kalembo, Asilamu ofatsa, amene kwa zaka zambiri ankandinyamulira madengu panjinga kuchokera kudimba. Tsiku lina akutsitsa katundu anati, "Amayi, mukanasunthako pang'ono. Agalimotowa ife sationa."

"Iyayi achimwene," ndinatero, "inu zipalasani njinga, zamalonda mutisiyire eni ake." Anzanga anafa nalo phwete, ine n'kumadziona ngati dolo.

Lachisanu lina masana bambo aja ankathamangira kumzikiti. Atafika pa tomato wanga anakhotera mumsewu, monga ndinawazoloweza. Pambuyo pawo panali minibasi. Ndinangomva kuti khuu! Chimene ndinachita chimandichititsa manyazi mpaka lero. Anthu akuthamangira munthu, ine ndinayamba ndakokera chiguduli changa kumbali, kuti asaone pamene chinali.

Mwendo wawo unathyoka pawiri. Kuchipatala sindinapite kukawazonda. Ndinkangoti mawa, mawa, mpaka anatuluka. Akazi awo akamadutsa pamsika, ndinkawerama ngati ndikusankha tomato woola. Ndipo ndisakunamizeni, sabata ziwiri zisanathe ndinali nditabwerera m'kanjira kaja. Ndinkadzitonthoza kuti si ine ndekha, anzanganso ali momwemo.

Patapita miyezi bambo aja anatulukira, akutsimphina ndi ndodo. Ndinakonzeka kutukwanidwa, mwina mtima ukanapepukako. Koma anandipatsa moni bwinobwino, n'kufunsa za ana, n'kufunsanso za kudimba. Ndinawadzazira jumbo ya tomato. Sanalandire. Anangoloza ndi ndodo pamene ndinayala chiguduli.

"Amayi," anatero, "sunthaniko pang'ono. Njinga ija tinakonzetsa. Amene akuipalasa tsopano ndi mwana wanga."