Masamba Abwino Pamwamba pa Dengu

Ndikukumbukira bwino chaka chimene ndinayamba kuthyola tiyi, chifukwa ndi chaka chomwecho chimene ndinatsala pang'ono kuthamangitsitsa mayi wosalakwa pa esiteti. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, nkhondo yachiwiri ija isanayambe. Tinkakhala pa esiteti ina ku Thyolo, cha kufupi ndi njira ya ku Masambanjati. M'mawa ndinkatsata amayi kumunda wa tiyi, masana n'kuthamangira kusukulu ya mishoni manja akununkhabe masamba. Ife tinali a mpingo wa Sabata, umene umaletsa kumwa tiyi, choncho amayi anathyola tiyi moyo wawo wonse osamulawa ngakhale kamodzi.

Aphunzitsi athu, a Jonasi, ankakonda mawu ngati mmene ena amakondera nkhuku zawo. Anali ndi buku lomasulira mawu a Chingelezi, lopanda chikuto, limene mzungu wina wa pamishoni anawasiyira, ndipo akalitsegula masamu ankaiwalika tsiku limenelo. Tsiku lina analemba pabolodi mawu akuti impart. Ife tinafuula kuti "impati," iwo n'kugwira mutu. Anatiuza kuti mawuwo anayenda ulendo wautali kuposa makolo athu: anachokera kwa Aroma, n'kudutsira kwa Afalansa, asanafike kwa Angelezi. Poyamba ankatanthauza kupatula gawo la chinthu chako n'kupatsa mnzako, kaya ndi nsalu kaya chakudya. Pambuyo pake anthu anayamba kuwatchulanso munthu akamagawira wina nzeru, luso kapena nkhani imene akuidziwa. "Ngakhale utsi ukalowa m'nsomba n'kusiyamo fungo lake," anatero akununkhiza choko, "wachita zomwezo." Tinaseka. Ine ndinatuluka m'kalasimo mtima uli m'mwamba, ndikufunitsitsa kupeza munthu woti ndimugawire kanthu, makamaka kuti Mulungu aone kuti ku Thyolo kuli mtsikana wabwino.

Munthuyo sanachedwe kupezeka. Dzinja limenelo kunafika a Namuthuwa kuchokera kudziko la Apwitikizi, mayi wamasiye wa ana awiri, wina wakumbuyo, wina woyenda atagwira nsalu. Anawapatsa kanyumba pamalo a esiteti, ndipo lamulo linali lodziwika: ukugwira ntchito, ukhala, ntchito yakukanika, nyumba ndi ya wina. Khasu ankalidziwa mayiwo, koma tiyi anali asanamuonepo. Tiyi amafuna masamba awiri anthete ndi kamphukira ka pakati pake, basi. Iwo ankangokolopola ndi dzanja lonse ngati akuthyola chigwada, masamba okhwima ndi timitengo tomwe. Kapitawo wathu, a Likoswe, anawaonetsa kamodzi kokha, m'Chinyanja, mokuwa. A Namuthuwa ankamva Chilomwe chokha.

Pasikelo a Likoswe anali ndi chizolowezi chawo. Ankapisa mkono m'dengu mpaka m'chigongono, n'kutulutsa masamba a pansi penipeni. Masamba a mayiwo ankangowakhuthulira m'ngalande. Pofika sabata yachiwiri anawachenjeza kudzera mwa womasulira kuti zikapitirira, bwana amva.

Apa ndiyenera kunena chimene ndinkabisa. Nafenso tinali Alomwe. Agogo anga anadzera njira yomweyo, ndipo Chilomwe ndinkachimva mawu aliwonse. Koma kusukulu, ana a Amang'anja ankaseka aliyense wochilankhula, n'kumutcha Mnguru, ndipo ine ndinali nditadzisambitsa bwinobwino m'Chinyanja ndi tizingelezi tanga tiwiri. A Namuthuwa akandipatsa moni m'mawa, ndinkawerama ngati ndikuchotsa minga kuphazi. Chisoni ndinali nacho ndithu, sindikunama. Ndinkaona kamwana kawo kakutafuna kamtengo ka tiyi chifukwa cha njala, mtima n'kundiwawa. Koma kuima pafupi nawo anzanga akuona, ayi.

Lachitatu lina kunagwa mvula ya mawawa, tonse titafunda ziguduli kumutu. A Namuthuwa anatula dengu lawo kumapeto kwa mzere n'kupita pansi pa mtengo kukayamwitsa. Ndinayang'ana uku ndi uku. Kenako ndinatapa theka la masamba anga, abwino okhaokha, n'kuwathira pamwamba pa awo, ndipo ndinawasalaza bwinobwino ndi chikhatho. Ndinabwerera pamzere wanga ndikudziona ngati mngelo wosowa mapiko okha.

Pasikelo, a Likoswe ataona dengulo anamwetulira. "Eya, lero ndiye mwamva," anatero. Kenako anapisa mkono monga mwa masiku onse, n'kutulutsa masamba okhwima ndi timitengo. Nkhope yawo inasintha. Chimene ine mwana sindinaganize n'chakuti pa esiteti panali chinyengo chodziwika: aulesi ankadzaza dengu ndi zinyalala n'kuphimba pamwamba ndi masamba abwino kuti apusitse sikelo. Wosadziwa kuthyola ankamupirira masiku angapo, koma wophimba dengu ankachoka tsiku lomwelo.

"Kusadziwa ndakupirira, koma kundipusitsa ine ayi!" anakuwa a Likoswe. "Mawa ndisakuone. Unyamule ana akowo, nyumba ija ndikupatsa wina."

Wina atawamasulira, a Namuthuwa anagwada m'matopemo. Anatola masamba anga aja n'kuwayang'ana mbali zonse, akunena m'Chilomwe kuti si awo, sakudziwa kumene achokera. Anthu anaseka, wina n'kuti kapena agwa ndi mvula. Mwana wamkulu uja anayamba kulira atagwira nsalu ya amayi ake. Ine ndinangoima chilili, ndikupemphera kuti pansi pang'ambike.

Amayi anga sanaseke. Anayang'ana masamba aja, n'kuyang'ana dengu langa. Kathyoledwe kanga ankakadziwa, chifukwa ndinkadula phesi lalifupi kuposa aliyense.

"Esinati, dengu lakoli lapepukiranji lero?" anafunsa chapansipansi. "Unena wekha kapena ndinene ine?"

Ndinanena, ndikulira, mamina ndi mvula zitasakanikirana. A Likoswe anandiyang'ana nthawi yaitali ngati aona nkhuku yamano. Sanali munthu woipa mtima, anali munthu wamantha, pakuti masamba oipa akafika kufakitale woyamba kutukwanidwa anali iwo. Anati ngakhale mayiyo sanaphimbe dengu, kuthyola sakutha, ndiye mapeto ake ndi omwewo.

Pamenepo amayi anagwada. "Akapitawo, tipatseni masabata awiri. Azithyola pamzere woyandikana ndi wanga. Akalephera, sindidzatsegulanso pakamwa."

"Dengu lanu likapepuka, phoso lanunso lipepuka, mayi. Musadzandilirire."

"Ndamva, akapitawo."

Pobwerera kunyumba ndinkadikira mkwapulo, ndipo ndinkaulakalaka, chifukwa mkwapulo umatha msanga. Amayi anangoyenda patsogolo osatembenuka. Titafika pamlatho wamitengo anaima.

"Chilomwe umachimva?"

"Ndimachimva, amayi."

"Ndiye unawapatsa masamba chifukwa unkaopa kuwapatsa moni." Kenako anawonjezera mawu amene sindinawayembekezere. "Inenso ndinkaona manja awo tsiku ndi tsiku, n'kumati si zanga. Mlanduwu ndi wa tonse awiri."

Chilango changa chinali chotere: masana omwewo ndipite kwa a Namuthuwa, ndigwade, ndipepese m'Chilomwe. Ndipo m'mawa uliwonse ndiziima mbali inayo ya mzere wawo, ndizilankhula nawo Chilomwe mokweza, aliyense wofuna kumva amve. Nditapepesa, mayiwo sanandikalipire. Anangondifunsa mudzi umene agogo anga anachokera, ndipo nditautchula anaseka misozi ili m'maso, akuti ankapitako kukagula miphika.

Masabata awiriwo anali aatali. Amayi ankagwira zala za a Namuthuwa n'kuziika pakamphukira, chala chachikulu ndi chamkombaphala, n'kuthyola nawo limodzi, kachiwiri, kachitatu, kakhumi. Anawaphunzitsa kumva tsamba lanthete ndi khungu la chala osadikira maso, ndi kugwiritsa ntchito manja onse awiri. Ine ndinkasankha masamba olakwika m'dengu mwawo n'kuwaonetsa chifukwa chake. Dengu la amayi, limene linkatsogola pa esiteti yonse, linkafika pasikelo losadzaza, ndipo phoso la chimanga linachepadi. Tinagonera chinangwa masiku angapo, ine osayerekeza kudandaula. Kusukulu nkhani inafika msanga. "Mnguru wabwera!" ankatero anyamata ndikamalowa. Zinandiwawa sabata yoyamba, yachiwiri ndinayamba kuwayankha m'Chilomwe chomwecho, ndipo ndinadabwa kuona kuti ena mwa osekawo ankamva bwinobwino zimene ndanena.

Tsiku lomaliza a Likoswe anapisa mkono mpaka m'chigongono. Sanakhutire, anakhuthulira dengu lonse pachiguduli n'kumwaza masamba ndi zala. Anafunafuna, ife tikuyang'ana. Kenako anawabweza okha m'dengumo, n'kukoleka pasikelo. "Wotsatira!" anaitana. Sanayamikire, koma nyumba ija sanaitchulenso.

A Namuthuwa anakhala pa esiteti ija mpaka ana awo anakula. Ine ndinapitiriza sukulu, n'kukhala mphunzitsi, ndipo mawu a a Jonasi aja ndinawalembapo pabolodi kangapo, ndi mbiri yawo yonse ya Aroma ndi Afalansa. Ana ankalemba m'makope mwaukhondo. Koma ndikamawayang'ana ndinkadziwa kuti ine mawuwo sindinawaphunzire pabolodi. Tsopano ndikumvetsa kuti tsiku lija ndinapereka chimene sichinandivute kupereka, ndipo ndinachiponya ndili patali kuti umphawi wa mayiyo usandikhudze. Amayi anapereka masabata awiri a manja awo, ndi chakudya chathu, ataima phewa ndi phewa ndi munthu amene ena onse ankamuseka. Mphatso yanga inatsala pang'ono kugoneka ana awiri panja. Mpaka lero, ndikafuna kuthandiza munthu, ndimayamba ndadzifunsa ngati ndingalole kuonedwa nditaima naye.

Patapita zaka zambiri, nyamakazi inalowa m'zala za amayi. Zinatupa, n'kupindika, moti kamphukira kankawapulumuka. Ndinabwera patchuthi ndili ndi nkhawa kuti awachotsa ntchito, ndipo m'mawa wina ndinawaperekeza kumunda. Pamzere woyandikana ndi wawo panali a Namuthuwa, imvi zili mbuu. Ankathyola ndi manja awiri, lina n'kuponya m'dengu lawo, lina n'kutambasula kuponya m'dengu la amayi, masana dzuwa likuswa mtengo, akucheza Chilomwe osabisa kanthu.

Pasikelo panali kapitawo wina, wachinyamata, wokhwimitsa zinthu. Mtima wanga unabwerera ku Lachitatu lija. Anapisa mkono m'dengu la amayi mpaka pansi, n'kutulutsa masamba. Anatapanso a pamwamba, n'kuwayerekeza m'manja onse awiri. Sanapeze kusiyana kulikonse, chifukwa zala zimene zinathyola masambawo zinaphunzira kwa amayi.