Mlandu wa Maondo a Mayi Providence

Mukapitirira pang'ono Embangweni pali sukulu ina ya pulayimale imene sitiitchula dzina, poti ena mwa eni nkhaniyi timapemphera nawo. Kumeneko n'kumene amaphunzitsa Mayi Providence, mayi wa ku Dedza amene anabwera ndi ntchito, kenako n'kukwatiwa ndi mwana wa a Yona Jere. Ng'ombe za lobola zinaperekedwa, akwawo n'kudabwa nazo.

Mayiyu amakonda masamu momwe enafe timakondera nkhani za eni. Atapatsidwa sitandade 7 anapeza ana oloweza masamu ngati nyimbo ya kwaya: ukawafunsa za pakati, ankayambiranso poyamba. Zinawawawa. Anawagawa anawo m'magulu, n'kuwauza kuti abwere ndi mapesi a chimanga, azithyola okha magawo ofanana, azitsutsana mpaka agwirizane yankho. M'kalasimo munayamba kumveka ngati pamsika. Ndipo poti madesiki mulibe, ana amakhala pansi, aphunzitsi ankagwada pagulu lililonse kuti aone ntchito. Funso lawo linali limodzi: "Tandiuza, wapeza bwanji?"

Munali mtsikana wina, Immaculate, wobwereza kalasi, amene anzake ankati lilime analisiya kunyumba. Tsiku lina anakweza mapesi awiri n'kunena monong'ona, "Madamu, theka la phesi lalitalili silikufanana ndi theka la lalifupili. Ndiye theka ndi liti?"

Mayi Providence anasangalala mpaka kuiwala dziko limene ali. Anaomba m'manja ali chigwadire.

Nthawi yomweyo pawindo panali mutu wa ahedi, a Chikomeni Nyirenda, bambo okhulupirira kuti kalasi yabwino imamveka mawu a munthu mmodzi. Iwo sanaone phesi. Anaona munthu wamkulu, mkazi wa mwini, atagwada n'kumaombera mwana m'manja, ulemu umene kuno umapita kwa apongozi ndi akuluakulu basi.

Nkhani inayenda wapansi koma inafika msanga kuposa njinga yamoto. Pa chitsime ankati madamu amagwadira ana. Pofika pa chigayo inali yakuti masamu anawakanika, ndiye amachonderera ana kuti awaphunzitse. Komiti ya sukulu inaitanitsa msonkhano woti ione ngati kalasiyo ikhalebe m'manja mwawo. Tsoka lake, wapampando wa komitiyo anali a Yona Jere, apongozi awo enieni.

Inu a kutali mudziwe kuti kuno mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana wako, sayankhana ndi apongozi aamuna pagulu. Amakhala pansi chapatali, maso pansi, mawu ake n'kudzera mwa munthu wina. Munthu winayo tsiku limenelo anali a Nyirenda. Fisi anapatsidwa khola kuti alilondere.

"Afunseni," anatero a Jere, akuyang'ana denga. "Maondo amenewo tinaperekera ng'ombe. Ndi a pakhomo pathu kapena a ana a eni?"

Komiti inaseka. Mayi Providence anayankhula motsitsa mawu kwa ahedi. Anati mwana sadziwa masamu pongomva, koma pogwira ndi manja ndi kufotokoza yekha. Anati Immaculate wafunsa funso limene akuluakulu ambiri sanadzifunsepo. Anati ngati maondo ndiwo vuto, komiti ipeze madesiki, iwo aziwerama. Anapempha kuti aitane ana angapo aonetse zimene akudziwa.

A Nyirenda anamvetsera akugwedeza mutu, kenako anatembenukira kwa wapampando n'kumasulira m'Chitumbuka.

"Akuti apepesa chomene, adada."

"Basi? Mawu onse aja?"

"Enawo ndi a Chichewa chakwawo, ongozungulira."

"Mbwenu, chabwino. Ndi mwana wa ulemu," anatero a Jere, atakhutira.

Mayi Providence anamva zonse. Chitumbuka amachimva, Chichewa ndiye chawo, ndipo mawu anali atadzaza m'kamwa. Koma kudzutsa mutu n'kuwongola nkhaniyo kukanakhala kuyankha apongozi pagulu, mlandu umene ukanawatsatira mpaka kunyumba. Munthu amene anatsegula pakamwa pa ana onse aja anakhala duu, akukanda simenti ndi chala. Anawo sanaitanidwe. Palibe ngakhale mmodzi wa komitiyo amene anafunsa ngati masamu akulowa m'mitu. Anaweruza maondo.

Kalasi inaperekedwa kwa a Lloyd, mphunzitsi wa mawu ngati ng'oma, amene amalemba pabolodi atafulatira ana mpaka belu kulira. Tsopano sitandade 7 ili zii, ahedi akadutsa amamwetulira. Immaculate anayesapo kamodzi kufunsa za theka lija. Anauzidwa kuti theka ndi theka, akopere zimene zili pabolodi. Mapesi aja anasonkhera moto wa phala.

Mayi Providence anawatsitsira ku sitandade 2, ati akaphunzire kudzichepetsa. Analira, osati pagulu. Amuna awo anawatonthoza kuti ana ang'ono savuta kuchonga, ndipo tikumva kuti usiku umenewo bambowo anadya mkute.

Koma akomiti anaiwala kanthu kamodzi. Ku sitandade 2 mphunzitsi aliyense amagwada, poti eni kalasi ndi afupi ngati mitondo, ndipo palibe amene amaona chachilendo. Mukadutsa lero mudzapeza tiana tili m'magulu, tikukangana pa zitsekerero za mabotolo, madamu ali chigwadire pakati pawo. Kena kanafunsa kale ahedi pamzere kuti, "Mwapeza bwanji?" iwo atalengeza kuti ochedwa achuluka.

Tianato tikukwera makalasi chaka ndi chaka. A Lloyd ayambiretu kukonza mayankho.