Chigamba cha pa Bulangete la Apailoti

Mayi Singano, telala wa pakhonde la sitolo ya nsapato, anakwatiwa ndi munthu wa m'mwamba. Amuna awo, amene aliyense ankangowatchula kuti Apailoti, ankayendetsa kandege kakang'ono kopereka mankhwala ku zipatala za kuseri kwa mapiri. Anthu ankati mayiwa anachita mwayi. Mwayi wake uti? Kawirikawiri foni inkalira chakumadzulo.

"Mayi a ana, kuno kwatseka. Chifunga. Ndigona pa bwalo la ndege la msipu lija."

Mayi Singano ankatuluka panja n'kuyang'ana kumwamba. Kuli mbee, ngakhale kamtambo.

"Chifunga chimenechi chimavala diresi la saizi yanji?" ankafunsa mng'ono wawo, uku akupalasa makina mwaukali.

Kenako bulangete lawo lofiira, long'ambika pakona, linasowa m'nyumba. Apa ndiye mtima unawawa zenizeni. Mpaka kukamufunditsa mkaziyo bulangete lawo! Analongedza chikwama n'kuchiika pakhomo.

"Bambo a ana, mawa ndikwera nawo. Ndikapanda kuchiona chifunga chanucho, banja latha."

Popita kunali bwinobwino. Mayi anangopinda manja, maso ali pa amuna awo. Koma pobwerera, atangodutsa phiri loyamba, lachiwiri linasowa. Kenako nsonga za mapiko nazo zinasowa. Pawindo panangoti mbuu, ngati wina wapachikapo nsalu yoyera.

Poyamba mayi anaganiza kuti bamboyo walowa dala mumtambo kuti awatseke pakamwa. Amuna ndi ochenjera, inu! Koma ataona thukuta likutsika m'khosi mwa Apailoti, munthu wokonda nthabwala ali duu, maso ali pa timawotchi ta kutsogolo, anagwira mpando zolimba.

"Tapendekeka! Wongolani!" anakuwa.

"Sitinapendekeke. Muno thupi limanama. Ndisiyeni ndione mawotchiwa."

Apailoti anayankhula mawu ochepa pa wailesi, n'kutembenuza ndege pang'onopang'ono kubwerera kumene anachokera. Mayi anatchula ana awo mmodzimmodzi. Mwadzidzidzi pansi panang'ambika kampata, msipu n'kuonekera, ndipo kandege kanatsikira momwemo mpaka matayala anagunda pansi.

Bwalo la msipu lija linalibe kanthu: mtengo wautali wokhala ndi nsanza yoonetsa kolowera mphepo, ndi kashedi ka malata. Komabe Mayi Singano sanaiwale chimene anabwerera. Chifunga achiona, inde, koma chifunga sichiletsa munthu kukhala ndi chibwenzi. Analowa m'shedimo n'kuyamba kuunguza. Munali migolo ya mafuta, benchi yopapatiza, kapu imodzi. Pa benchipo panali bulangete lofiira lija, ndipo pakona pake panali chigamba.

Chigamba! Ndiye kuti pali dzanja lina. Analinyamula n'kupita nalo pakhomo powala.

Msoko wake unali wokhotakhota, ulusi wakuda pa nsalu yofiira, mfundo zikuluzikulu ngati womanga thumba la makala. Palibe mkazi, ngakhale waulesi chotani, angasoke zoterozo. Ulusiwo anauzindikiranso: unali wa m'bokosi lawo lomwe.

"Mwasoka ndinu izi?"

"Kumazizira muno," anatero Apailoti, akukanda m'mutu. "Ndipo limanunkhira kunyumba."

Mayi Singano anakhala pa benchi yolimbayo, misozi ili chuchuchu.

"Mwamuna wa telala kusoka chonchi? Mwandichititsa manyazi. Sunthani kuno, tifunde."