Kutsokomola kwa achimwene m'chimbale cha gitala

Mwaswera bwanji nonse.

Masana ano tili m'chigafa kusankha fodya, kunabwera a Kamwendo, aja ankaimba ng'oma m'kabandi ka malemu achimwene a Layisoni ku Kapelula. Atibweretsera memore khadi. Akuti muli chimbale chimene anajambula okha kunyumba kwa mnzawo, achimwene asanagonekedwe m'chipatala. Mulibe woimba pakamwa, ndi gitala, banjo ndi ng'oma basi.

Nditaika m'wailesi, amayi osadzutsa n'komwe mutu anangoti, "Zimenezo ndi zala za Layisoni."

Koma nyimbo yachitatu, abale anga. Pakatikati gitala ikuyamba yaima, achimwene n'kutsokomola, kenaka n'kupitiriza. Kutsokomola komwe kuja tinkati ndi fumbi la fodya, kudzasiya kokha. A Kamwendo akuti iwo ankafuna abwerezenso kujambula, achimwene n'kukana, amvekere, "Siyani, angamve ndani?"

Amayi amva. Anaika fodya pansi n'kundiuza kuti, "Tabweza pomwepo." Ndabweza mpaka chala kuwawa. Nyimbo alibe nayo ntchito, akungodikira chifuwacho, poti mawu a mwana wawo amene atsala ndi omwewo.

Ndikutumizirani chimbale chonse pompano. Chimvereni ndithu, n'chokoma, anyamatawa luso anali nalo. Koma yachitatuyo musamvere muli pa anthu.

Amalume, inu mukuti bwanji, tidzaike chimbalechi pa tsiku la chiliza? Ine mutu waima. Mpaka pano amayi akadali m'chigafa, wailesi ili pamiyendo, akudikira kuti mwana wawo atsokomolenso.