Kabokosi kamene ndinkazula Lachisanu

Mwana wanga wamkazi ndiye anandipezera ntchito yosesa pa ofesi ina yoombola katundu ku Songwe, pa malire ndi Tanzania, kumene iye amayang'anira makompyuta. Ndimathokoza Mulungu mpaka lero, poti ine sukulu ndinalekeza sitandade 6.

Tsiku lina anandilowetsa m'kachipinda kozizira momwe muli kompyuta yaikulu. Anati m'mimba mwake muli makompyuta ena opanda thupi, amene anzake amalembapo mapepala a malole, ndipo onsewo amaumbidwa pa imodzi, ngati njerwa pa chikombole. Anali ataitchera kuti Lachisanu lililonse, anthu akaweruka, izikopera yokha chikombolecho n'kuchisunga m'kabokosi kakuda pansi pa tebulo. Ndinangoti, "Yewo," koma ndinamva theka.

Ine mphenzi ndimaiopa. Ndili mtsikana ku Lupembe inapha ng'ombe ziwiri za amalume ndikuona. Ndiye mvula itayamba, poti Lachisanu ndine ndinkatseka ofesi, ndinkazula kabokosi kaja kumagetsi kuti kasapse, Lolemba m'mawa n'kukabwezera ndisanagwire tsache. Kompyuta yaikulu sindinkaikhudza, anandiletsa. Mumtima ndinkati ndikumuthandiza mwana.

Mmawa wina, chimanga chitamasula, kompyuta yaikulu inafa. Panja malole anali ndandanda, madalaivala a ku Tanzania akukuwa m'Chiswahili. Mwana wanga sanatekeseke. Anaika ina, n'kutsegula kabokosi. Ndinali pakhomo ndi chokolopera, ndinaona nkhope yake ikusintha. Chomaliza kusungika chinali cha mvula isanagwe. Zonse zimene anakonza miyezi itatu kunalibe. Mauthenga oti zikulephereka ankagwera ku imelo yakale imene sankaitsegula.

Abwana, bambo wa ku Mangochi wosakonda kukweza mawu, anati kwa mwana wanga, "Iwe, unandiuza kuti zimasungika sabata ndi sabata. Unkandinamiza? Ukapanda kundiyankha bwino, lero ndi lomaliza."

Ndinathawira kuseri, pa mgolo wa madzi, n'kugwada m'matope. Pemphero lenileni silinatuluke, ndinkangoti, "Chiuta, Chiuta, mwana wanga." Ndinkaopa kuti ndikaulula atichotsa tonse awiri. Ndinkaopanso kuti ndikakhala chete adzasenza dzina la wabodza, iye amene sananamepo.

Ndinalowa mawondo ali matope.

"Bwana, ndine. Ndinkazula ndine."

"Amama, tulukani!" anatero mwana wanga. Kenaka anatembenuka. "Mwati chiyani?"

Ndinafotokoza zonse, za ng'ombe zomwe. Palibe anaseka.

"Mayi, inu mumaopa mphenzi, ine ndikuopa anthu ali panjawo," anatero abwana. Kwa mwana wanga anati, "Imeloyo ndi mlandu wako. Pofika Lachinayi zigwire ntchito. Zikakanika, basi."

Masiku atatu amenewo sindinadye. Anzake ankalemba pamanja, mwana wanga akuumbanso chikombole kuchokera pa chakale chija. Ndikamuikira tiyi ankangomukankhira pambali, osandiyang'ana. Ndikamva chitseko cha abwana ndinkadzidzimuka.

Lachinayi masana makina osindikiza analira, pepala loyamba n'kutuluka. Abwana analiwerenga ataimirira, n'kuuza mwana wanga kuti, "Mawa ubwere molawirira." Makiyi anga anawapereka kwa alonda, ndipo sindinadandaule.

M'minibasi pobwerera ndinakhala pafupi ndi mwana wanga. Titadutsa pa rodibuloko anatsamira paphewa langa n'kugona mpaka pa boma. Dzanja linachita dzanzi, koma sindinalisunthe.