Ndinakhoma Mwala Ngati Ndikukhoma Boti

Tsiku limenelo m'munsi mwa thanthwe tinalipo anthu asanu. Panali ineyo. Panali mwana wanga woyamba, Twaibu. Panali mayi wina wachitsikana wochokera ku Blantyre, dzina lake Chisomo, ndi mwamuna wake, amene dzina ndinaliiwala poti anali munthu wosayankhulayankhula. Wachisanu anali Che Amidu, mlonda wa pa loji yogona alendo, amene ndinachita kumuitana ndekha kuti adzaone ntchito ya manja anga. Ndawatchula onsewa kuti wina asadzati mdala uyu akupeka. Onse ali moyo, ndipo onse anaona mkono wa mwana wanga ukuphwanyika chifukwa cha ine.

Inu owerenga, ine si munthu wamba ku Nkopola kuno. Ndine mmisiri wa maboti, ndipo pa doko amanditchula kuti Che Fundi. Sukulu sindinapite nayo patali, zimenezo n'zoona, koma boti lokhoma ine limapita ku Makanjira mwera ukuwomba n'kubwerako osamwa madzi. Mawu anganso ndi aakulu. Ndikaitana msodzi ali pakati pa nyanja amatembenuza bwato. Kunyumba kwanga ndikayankhula, nkhani imathera pomwepo. Zaka zonsezi ine ndinkati umenewo ndiye ulemu.

Twaibu sanatsate ntchito yanga. Analembedwa pa loji ina kuno, ndipo kuseri kwa lojiyo kuli phiri lokhala ndi thanthwe lalitali loima chilili. Alendo amabwera kudzakwera thanthwelo ndi zingwe. Poyamba ndinkaseka, ndinkati anthu awa ndalama zawakwana mpaka kumalipira kuti akwere malo a anyani. Koma mwana anaiphunzira ntchitoyo, n'kumadyetsa nayo banja lake. Kachitidwe kake n'kotere: wokwera amamangidwa lamba m'chiuno, chingwe chimadutsa pa chitsulo chokhomedwa pamwamba, ndipo wina amaima pansi atagwira chingwecho kuti mnzakeyo akaterereka angolendewera. Wogwira chingwe pansiyo nthawi zambiri anali Twaibu.

Pa njira imene alendo ophunzira kumene ankaikonda, chapakati, panali mwala wotulukira kunja, kukula kwake ngati thumba la simenti. Aliyense ankaugwira ndi manja awiri, n'kudzikoka, kenako n'kuupondanso. Popanda mwala umenewo munthu wachilendo sakanadutsa. Chilimwe china unayamba kugwedera, kumbuyo kwake kutatseguka mng'alu wolowa dzanja. Twaibu anaulemba chizindikiro ndi choko, anamanga nsalu yofiira m'munsi, n'kutseka njirayo.

Anadzatiuza kunyumba kwanga madzulo ena. Anati njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kuugwetseratu ndi chitsulo pansi palibe munthu, koma akatero ndiye kuti njira ya ophunzira yatha, pamene alendo ambiri ndi ophunzirawo. Yachiwiri ndi kudikira guluu wapadera amene mwini loji anaitanitsa kunja. Anati mng'aluwo amayamba autsuka, uume bwino, athiremo guluuyo, mwinanso kuboola n'kulowetsa chitsulo cholumikiza mwalawo ku thanthwe. Mwini lojiyo anali atachoka, guluu sankafika, alendo ankabwerera, ndipo mwana wanga thumba linali litayamba kupepuka.

Ine ndinaseka mokweza. Ndinati mng'alu womwewu ndi umene ukukusowetsa tulo? Moyo wanga wonse ndakhala ndikutseka ming'alu. Iye anayankha modekha kuti, "Baba, mwala si thabwa. Chonde musaukhudze." Ananena zimenezi mkazi wake ali pomwepo akutithirira madzi m'manja. Mawuwo anandibaya. Ine Che Fundi kuuzidwa kuti ndisakhudze chinthu, ndi mwana amene ndinamuphunzitsa kugwira nyundo?

Patapita masiku, Twaibu anaperekeza alendo ku chilumba. Ndinatenga zotsalira za matabwa a mlombwa zouma gwa, thonje, phula, nyundo, ndi simenti pang'ono m'jumbo. Thanthwe lija sindinalikwere ngati iwo ayi. Pali kanjira ka mbuzi kozungulira cham'mbali, kofika pa khonde la mwala pafupi penipeni ndi pamalopo. Ndinakhala pamenepo dzuwa likundiwotcha msana, n'kusema zikhomo zosongoka. Ndinazikhomera mu mng'alu muja chimodzichimodzi mpaka mwala unasiya kugwedera. M'mipata ndinatsendereza thonje, ndinamata phula, pamwamba ndinapaka simenti yosakaniza ndi fumbi la mwala womwewo kuti pasaoneke kanthu. Kenako ndinafufuta choko chija, ndinatsika n'kukamasula nsalu yofiira.

Tsono mvetsani maganizo amene ndinali nawo, chifukwa si kuti ndinali wamisala. Boti latsopano likalowa m'madzi, matabwa amamwa madzi n'kufufuma, ndipo akafufuma amapanikizana okhaokha, mpata wonse n'kutsekeka. Kwa ife okhoma maboti, madzi ndiwo amamaliza ntchito. Ine ndinati ndi mwalanso zidzatero. Mvula ikadzagwa zikhomo zidzafufuma, mwala udzalimba kuposa mmene Mulungu anausiyira. Ndinatsika phiri ndikuimba.

Twaibu atabwerako sindinamuuze kumbali. Ndinamuuza pa bwalo la loji, ophika ndi ochapa ndi alonda ali pomwepo, kuti kamwala kako kaja ndathana nako. Nkhope yake inasintha. Anavala lamba, anakwera, anaugwedeza mwala uja, anaumenya ndi chikhatho, anaupondanso ndi mapazi onse awiri. Mwala unali nji. Atatsika anandifunsa chapansipansi kuti, "Mwaikamo chiyani, baba?"

Inu owerenga, pamenepa ndi pamene panali potulukira. Ndikanangoti mtengo, mwana akanatsekanso njira tsiku lomwelo. Koma ine ndinaona anthu akundiyang'ana, ndipo ndinakalipa kuti mawu amveke mpaka ku doko. Ndinati simenti, nanga ukuyesa ndaikamo phala? Ndinati iwe unabadwa liti kuti uzindifunsa ine ngati wapolisi? Anthu anaseka. Twaibu anayang'ana pansi. Kwathu kuno mwana sabwereza funso kwa bambo ake pagulu, ndipo ine ndinkadziwa zimenezo, n'chifukwa chake ndinasankha pagulu.

Njira inatsegulidwa. Alendo anakwera, anthu onenepa ndi owonda, mwala osasuntha. Ine ndinkayenda chifuwa chili patsogolo. Pa Ijumaa, Lachisanu, potuluka mu mzikiti ndinkauza aliyense kuti azungu akudikira guluu wa pa ndege pamene Che Fundi ali pompano.

Kenako kunagwa chizimalupsa, mvula yoyamba ija, ndipo chaka chimenecho inagwa yamphamvu. Ine ndinakondwa. Ndinati tsopano ntchito yanga yapsa. Dzuwa litawalanso, thanthwe litauma kunja, kunabwera banja la ku Blantyre lija. Ndinamuitana Che Amidu kuti tiye ukaone mayi wa mtauni akuponda pa mwala wanga.

Mayi Chisomo anali woseka, woyamba kumene kukwera. Ankafuula kwa mwamuna wake kuti amujambule bwino, anzake a ku ntchito asadzati wanama. Twaibu anali pansi, chingwe m'manja, akumuuza poika phazi. Anafika pa mwala uja. Anaugwira ndi manja awiri, anadzikoka. Ine ndinamugunda Che Amidu ndi chigongono kuti taona.

Phokoso lake silinali lalikulu. Kunangomveka ngati munthu wathyola chinangwa chouma. Mwala unachoka wonse m'manja mwa mayiyo, iye n'kutsala ali lende pa chingwe, akukuwa. Mwalawo unagunda thanthwe, unagawika, ndipo chibenthu chachikulu chinalunjika pomwe panaima Twaibu. Anachiona chikubwera. Akanatha kuthawa, mpata unalipo, koma kuthawa kunali kusiya chingwe, ndipo mayi uja akanagwa pa miyala. Anangopotoza mutu. Chinamugwera pa phewa lamanzere n'kutsikira pa mkono.

Anagwada, koma dzanja lamanja silinatseguke. Anamutsitsa mayi uja pang'onopang'ono ndi dzanja limodzi, magazi akutsika m'nthiti, mano ataluma, mpaka mapazi a mayiyo anaponda pansi. Pamenepo ndi pamene anakomoka. Ine wa mawu aakulu ndinaima ngati chitsa. Amene anathamangira galimoto anali mwamuna wosayankhula uja.

Atamunyamula, Che Amidu anawerama n'kutola kanthu pakati pa zibenthu. Chinali chikhomo changa chimodzi, chonyowa, chofufuma, thonje lili mphepete. Anachitembenuza m'manja, n'kunena motsitsa kuti, "Che Fundi, kwathu kumapiri akafuna kuswa thanthwe amakhoma mtengo wouma mu mng'alu n'kuthirapo madzi." Anandiika chikhomocho m'dzanja n'kumapita. Pamenepo ndinaona zimene ndinachita. Mu boti thabwa likafufuma limakankha thabwa linzake, ndipo onse amagwidwa ndi nthiti za boti. Mwala uja unalibe chougwira kunja kwake. Zikhomo zanga zinaukankhira kumene kunali anthu.

Ku chipatala cha ku boma anayesetsa. Mkono sanaudule, tithokoze Mulungu, koma sukwera kupitirira pachifuwa, ndipo zala ziwiri sizimva. Twaibu sakweranso thanthwe. Khoka sangakoke, nkhafi sangapalase. Mwamuna wa mphamvu zake amachita kuvekedwa malaya ndi mkazi wake. Pa loji anamusiya kuti azilandira alendo pa geti, chifukwa mayi Chisomo anachita kukamupepesera kwa mwini loji. Ine sananditengere ku polisi. Nthawi zina ndimati bola akananditengera, ndikanakhala ndi poti ndalipira. Maboti ndimakhomabe, manja anga sanaiwale, koma ndikafika pa doko anthu amasiya nkhani imene amakamba.

Ndiye ndikuuzeni, makamaka inu amisiri anzanga, inu madoda amene mwakalambira pa ntchito imodzi. Luso lanu ndi lenileni, sindikulinyoza, langanso ndi lenileni. Koma lili ndi malire, ndipo malirewo saoneka ukaima m'kati mwake. Mukaona pa thanthwe palembedwa choko kapena pamangidwa nsalu, musafufute, musamasule, amene anaika ali ndi chifukwa. Mwala wogwedera pamalo pokwera anthu musauike mtengo, musaubise ndi simenti kuti uoneke bwino. Mwala wogwedera poyera anthu amauopa n'kuulambalala. Wanga uja ndinauveka nkhope ya mwala wolimba, n'chifukwa chake mayi uja anaupatsa thupi lake lonse. Asiyireni amene anaphunzira, kaya augwetse kaya aumate ndi zipangizo zake, ngakhale wophunzirayo akhale mwana amene munamubereka nokha. Ndipo ngati mwagwira kale ntchito pamalo pamene moyo wa munthu udzalendewera, wina akakufunsani chimene mwaikamo, yankhani zoona. Kufunsidwa sikuchotsa ndevu.

Twaibu atatuluka m'chipatala panatenga nthawi tisanakhale awiri. Sanandikalipire, sanandinenere kwa amalume ake, ankangondipatsa moni ngati kale, ndipo zimenezo zinkandidya kuposa chitonzo. Tsiku lina masana ndinamupeza pa khonde akuyesa kumanga chingwe cha nsapato ndi dzanja limodzi. Ndinagwada kuti ndimumangire, ine amene sindinagwadirepo munthu. Ndili chogwada ndinamuuza zonse, za zikhomo, za thonje, za simenti yobisira. Ndinamuuza kuti iye analibe mlandu, chifukwa sakanadziwa.

Anandisiya ndimalize kumanga. Kenako anati, "Ndinadziwa, baba. M'mawa wa tsiku lija ndinakwera ndekha kukaugogoda, ndipo unalira ngati mtsuko wosweka. Ndinatsika kuti ndikatseke njira, koma ndinakuonani mukubwera ndi Che Amidu, mukuseka. Ndinaganiza za mmene mukanakalipira pamaso pa alendo. Ndinaopa mawu anu kuposa mwala."